Zitsekerero Zinayi za a Namaona

Pamaliro a a Namaona pananama anthu atatu, ndipo ine ndinkawawerenga. Woyamba anali mkulu wa mpingo, amene anati malemuwa anali munthu wofatsa, wosadziwa kukalipa. Wachiwiri anali mphwawo wochokera ku Limbe, yemwe sitinamuonepo n'kale lonse pa Chiringa pano. Iye anati amalume ake anali dokotala wamkulu. Wachitatu anali mwini golosale ya pamsika, amene ankayambana nawo mlungu ndi mlungu, ati wataya mnzake wapamtima. Ine ndinakhala kumbuyo kwa azimayi, ndikuyang'ana pakamwa pa aliyense. Palibe anandipempha kuti ndiyankhule, ndipo akanandipempha ndikanakana. Koma lero patha mwezi, ndagula kope. Kulemba ndinaphunzira kusukulu ya kwacha ndili kale ndi zidzukulu, ndiye ndilemba ndekha, poti ndikatuma wina alemba zake.

Kope limeneli sindilidula pakati. Chifukwa chake muchimva kutsogoloku.

A Namaona sanali dokotala. Ukawatcha choncho ankavula magalasi awo omanga ndi ulusi, n'kukuyang'ana ngati wawaponda chala, n'kunena kuti iwo ndi diresa, munthu wotsuka zilonda. Anagwira ntchito zaka zambiri pa kachipatala ka esiteti ya tiyi kuseri kwa phiri, kumanga mabala a zikwanje ndi kuwerengera anthu mibulu ya mankhwala. Atapuma anabwerera kuno kwa akazi awo ndi katundu mutatu: njinga, wotchi ya belu, ndi chibuku cha Chingerezi chopanda chikuto, chonena za mankhwala. Akazi awo anapita ndi madzi a Napolo chaka chija phiri la Michesi linang'ambika. Za zimenezo sankanena, ndipo mvula ikachita mdima kuphiri ankatembenuza mpando. Akuchikazi atawasudzula sanapite kwawo. Anapempha kachipinda kuseri kwa sitolo yakale ya Mmwenye, imene inatsekedwa kalekale, ndipo khonde la sitoloyo linasanduka ofesi yawo. Iwo ankakhala kumapeto a kum'mawa. Ine ndinkayala tomato ndi makaka kumapeto a kumadzulo. Tinakhala choncho zaka zitatu tikungopatsana moni, ine ndikuwaonera m'mbali mwa diso, kufuna kudziwa kuti mwamuna wosagulitsa kanthu amadya chiyani pakhonde.

Ntchito yawo inali kuwerengera anthu timapepala. Munthu akachoka kuchipatala ndi kathumba ka mankhwala, osamvetsa zimene amuuza, ankadzera pakhondepo. A Namaona ankayamba asamba m'manja, kenaka n'kuwerenga, n'kumuuza munthuyo kuti abwereze, mpaka katatu. Mbulu ngakhale umodzi sankasunga, sankagulitsa, sankapatsa munthu. Ankati wopereka mankhwala ayenera kukhala ndi sikelo, ndipo iwo sikelo anaisiya kuesiteti.

Titangovotera zipani zambiri, mankhwala anatuluka m'zipatala n'kudzakhala pansi pamsika, pachiguduli, pakati pa sopo ndi machesi. Apa ndiye kufatsa kumene ananena mkulu wa mpingo kuja kunkaoneka bwino. Tsiku la msika a Namaona ankayenda mzere ndi mzere, kutola kapaketi, kukakweza kudzuwa, n'kuwerenga mokweza kuti aliyense amve kuti mankhwalawo anatha mphamvu chaka chathachi. Mwini golosale uja ankawatcha apolisi a mapiritsi.

"Akulu, boma lija linapita," ankatero. "Uno ndi ufulu. Munthu agule chimene wafuna."

"Ndiye meza iweyo tione," a Namaona ankayankha. "Uwiri wokha. Madzi ndikugulira ine."

Sankameza.

Tsopano ndinene za Esinati, poti popanda iye ine ndi a Namaona tikanafa tikungopatsana moni. Esinati ndi mwana wa mwana wanga womaliza. Mayi ake anamwalira ndi matenda aja a masiku amenewo, mwana akuyamba kumene kuyenda, bambo ake n'kutsatira. Ali ndi zaka zinayi anadwala kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Zimenezo zinatha, koma m'mimbamo munatsala china. Akadya masipuni atatu, wakhuta. Mimba n'kufufuma pamwamba apa, pansi pa nthiti, ngati wameza chipanda. Dzuwa likapendeka n'kusanza, ndipo zosanzazo zinali za m'mawa, zosagayika, nandolo ali wathunthu ndi khungu lake. Manja ake anasanduka timitengo.

Ine ndinadziwa msanga kuti mwana wadyetsedwa, ndipo wodyetsayo ndinamudziwanso: a Felesiya, alongo awo a bambo ake, amene ankakhala kutsidya kwa njira ndipo ankakonda kumuitana mwanayo ndi nthochi m'manja.

Tsiku lina Esinati anasanza pafupi ndi nsanamira ya pakati pa khonde. Ndinayamba kukwirira ndi phazi msangamsanga, poti masanzi a mwana sasiyidwa poyera.

"Mayi, musakwirire."

Ndinapeza a Namaona agwada kale, kamtengo kali m'manja, akutakasa.

"Nandolo uyu wadya nthawi yanji?"

"Mukufunsiranji?"

"Ndikufuna ndidziwe ngati wagona m'mimba kapena wangodutsa."

"Wadya mmamawa, tisanabwere."

Anayang'ana wotchi yawo, imene inkapachikidwa pamsomali kukhoma, n'kugwedeza mutu. Anapempha kuti masiku atatu otsatira ndiziwasonyeza masanzi onse m'mbale, ndi kuwauza chimene wadya ndi nthawi yake. Ndinachita, koma mbale sindinaisiye m'manja mwawo. Ndinkaigwira ndekha, iwo akatha kuyang'ana ndinkalanda ndi kamtengo komwe, kukataya kumene ndikudziwa ine. Tsiku lachitatu anaseka mpaka kutsokomola.

"Mukuti ndikatamba nawo? Mayi, mfiti yotamba ndi masanzi a nandolo ndi yosauka zedi."

"Osauka ndi amene amatamba," ndinatero.

Anandiuza kuti chifu cha munthu chili ngati chigayo. Chimagaya, kenaka chimakankhira ufa kutsogolo, kumatumbo. Cha Esinati lamba wake anali wolobodoka: chimalandira, koma sichipititsa, ndiye chakudya chimangokhala pamenepo mpaka chitasasa n'kubwerera kumene chinalowera. Anati zimenezi nthawi zina zimatsala mwana akadwala kwambiri m'mimba, ndipo nthawi zina palibe amadziwa kumene zachokera. Anati ndipite naye kuchipatala chathu chaching'onochi akamuyeze. Za a Felesiya ndinawauza. Anangoti nthochi yakupsa ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene mwanayo angathe kusunga m'mimba.

Ndidumphe pang'ono, ndinene za zitsekerero, poti ndi zimene ndimawakumbukira nazo koposa nkhope yawo. Panali patapita miyezi ingapo. Anatola zitsekerero zinayi za mabotolo n'kuziyala pasimenti pakati pa ine ndi iwo. Anati mankhwala odzutsa chifu cha mwana amene iwo akuwadziwa ndi anayi basi, ndipo palibe ochiza. Onse ndi okankha chabe, ngati anthu okankha lole yokana kulira. Maina ake ndinawauza andilembere m'zilembo zazikulu, kuti wina asadzandizembetse.

Chofiira anachitembenuza chagada asanayambe n'kulankhula komwe. "Awa ndi metokilopulamaidi. Mukuwadziwa kale, sindibwereza." Ndinayang'ana kumbali. Chobiriwira anati ndi erithiromaisini, mankhwala a chifuwa ndi zilonda, amene akaperekedwa pang'ono pokha amagwedezanso chifu. Koma chifu chimawazolowera pakatha milungu yowerengeka, ngati ng'ombe yapangolo yozolowera chikwapu, ndipo ana ena amawapotokola m'mimba. Chachikasu anati ndi domperidoni. Amenewa savuta khosi kawirikawiri ngati ofiira aja, koma m'zipatala zathu zino mulibe, amapezeka m'mafamase a mu Blantyre, ndipo pafunika dokotala ayambe wamva bwino mtima wa mwana. Chakuda anachigwira nthawi yaitali. Anati amenewa ankatamidwa m'tauni, koma mnzawo wina wakale wawauza kuti awaletsa, poti ankasokoneza kugunda kwa mtima, ena mpaka kufa nawo. Anachitembenuzanso.

"Ndiye mwandiyalira zinayi," ndinatero. "Ziwiri zagada, china chili ku Blantyre, china n'chotopa msanga. Mwandichotseranji pa tomato wanga?"

"Kuti wina asadzakunamizeni kuti pali chachisanu."

Kenaka anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kasipuni ka tiyi.

"Ichi si chachisanu ayi. Iyi ndi ntchito."

Ntchitoyo inali iyi: phala la ufa woyera, lamadzimadzi, losefa, masipuni ochepa koma kasanu ndi kamodzi patsiku. Mafuta ochepa. Nandolo wochotsa khungu, wopota. Masamba olimba ayi, kalongonda ayi, chimanga chokazinga ayi. Akadya akhale tsonga, asagone, ayendeyende pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo a Namaona ankatchera wotchi yawo, belu likalira n'kuitcheranso. Msika wonse unalidziwa. Likalira, ngakhale ogulitsa usipa ankakuwa kuti agogo, belu la Esinati ilo.

Tsopano chofiira chija. Ichi sindinauzepo munthu, ndipo a Namaona apita nacho kumanda. Ndachilemba poti palibenso wondisungira.

Masiku amenewo mabuku a chipatala osindikiza anali asanafike. Munthu unkagula kope la ana asukulu, n'kulidula pakati ndi mpeni, theka limodzi n'kukhala buku lako la kuchipatala, theka linalo n'kusungira wina. Ine ndinadula kope, koma dzina la Esinati ndinalemba pa matheka onse awiri. Theka loyamba ndinapita nalo kuchipatala chaching'ono, monga ananenera a Namaona. Ndinapeza dokotala wake ndi wachichepere, ndevu zisanagwirizane n'komwe. Anamuyeza mwana pasikelo, anamva nkhani yanga yonse, n'kundipatsa mankhwala amadzi m'kabotolo, n'kundisonyeza mlingo wake. Mnyamatayo sanalakwe kanthu. Koma ine ndinati mumtima, uyu ndi a Namaona n'kutheka ndi amodzi, wina amatumiza wina amalandira. Patapita masiku awiri ndinabereka mwana kupita kuchipatala cha mishoni ndi theka linalo, loyera, kuti ndione ngati akanene zofanana. Kumeneko anandifunsa ngati mwana wamwapo mankhwala ena. Ndinati ayi. Ndinkafuna aganize okha, osaonera kwa mnzawo. Anandipatsa timibulu toyera, toti ndizibenthula.

Pobwerera ndinkayenda mokondwa. Awa apereka amadzi, awa apereka amibulu, ndiye kuti mmodzi waphonya. Ndikamupatsa onse, oonawo agwira ntchito. Timibulu ndinatichotsa m'kathumba kake n'kutiika m'kachitini ka fodya, kuti wina asadziwe chimene mwana akumwa. A Namaona sindinawasonyeze. Ndipo akasanza ndinkawonjezako pang'ono, poganiza kuti oyamba aja atuluka.

Tsiku lachiwiri linali la msika, dzuwa lisanafike pamutu. A Felesiya anali atadutsa mmamawa n'kumusisita mwanayo kumutu. Esinati anakhala pafupi ndi mulu wa tomato. Ndinangoona khosi lake likutembenukira kuphewa pang'onopang'ono, ngati pali dzanja losaoneka likulipotola. Maso anakwera m'mwamba mpaka kutsala oyera okha. Lilime linatuluka, nsagwada zinauma, msana unapindikira kumbuyo. Misozi inkangotsika, mawu osatuluka.

Ndinakuwa dzina la a Felesiya. Ndinalikuwa katatu, ndikuloza ndi chala. Anthu anasiya malonda. Ena ankati ndi khunyu, muikeni sipuni m'kamwa. Ena ankati thamangirani kwa sing'anga wa kufupi ndi Fort Lister. Amuna awiri anali atawagwira kale a Felesiya m'manja, mpango wawo uli pansi, wina akufunafuna mwala.

A Namaona sanathamange. Anadutsa pakati pa anthu, anagwada, n'kuika chala chawo m'dzanja la mwana.

"Esinati, ngati ukundimva finya."

Anafinya.

"Chotsani sipuniyo. Si khunyu, wakhunyu samva." Kenaka anatembenukira kwa ine, mawu ali pansi. "Mayi, mwamupatsa chiyani?"

"Zimene anandipatsa."

"Ndani?"

"Achipatala."

"Chipatala chiti?"

Ndinagwira mfundo ya chitenje changa.

"Masulani mfundo ya chitenjeyo. Ndaiona dzana, yakula."

Moyo wanga wonse sindinamasulepo mfundo yanga pamaso pa mwamuna. Ndinamasula. Munatuluka kabotolo, kachitini, ndi matheka awiri aja. Anawatenga n'kuwagundanitsa pabondo pawo. Modula muja munalumikizana ndendende, manambala ochulukitsa a kuchikuto chakumbuyo n'kukhala athunthu. Anawerenga theka ili, anawerenga theka ilo. Anavula magalasi.

"Ndi mankhwala amodzi," ananong'ona. "Awa amadzi, awa amibulu, dzina limodzi. Mwanayu wamwa kawiri, kaya katatu."

Ndinadikira kuti akweze mawu, msika wonse umve. Ndi mmene ankachitira ndi mwini golosale. Anaimirira, n'kukwezadi mawu:

"Asiyeni mayiwo, alibe mlandu. Mwanayu mankhwala amukana. Zimachitika, ndinazionapo kuesiteti. Ndipatseni njira."

Anatulutsa njinga. Ine ndinabereka Esinati, khosi lili chipotokere, n'kukhala pakaliyala. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri anapalasa, akupuma ngati mvukuto njira yonse. Pakhomo la chipatala anavula chipewa, ndipo iwo amene ankakana kutchedwa dokotala anamutcha mnyamata uja adokotala, n'kumupatsa matheka onse awiri ndi manja awiri. Mnyamatayo anawerenga, anandiyang'ana kamodzi, n'kuitanitsa jakisoni. Mthunzi wa mtengo wa pabwalo usanasunthe kwambiri, khosi linamasuka, maso anatsika, Esinati anati akufuna madzi.

Tili pabenchi panja, a Namaona anabwereka singano kwa mayi wina, anasolola ulusi pa magalasi awo, n'kusoka matheka aja pamodzi. Anandipatsa.

"Mwana mmodzi, buku limodzi. Musandikhulupirire ine, zilibe kanthu. Koma amene mukumukayikirayo muzimuuza zonse, kuti akalakwa alakwe yekha."

Mlungu wonse wotsatira sanandipatse moni. Belu ankatchera, likalira ankaloza mwana ndi chibwano, basi. Ndinadziwa chimene akudikira. Loweruka ndinagwira nkhuku n'kuwoloka njira kupita kwa a Felesiya. Pepani sindinanene, inanena nkhuku. Lolemba a Namaona anati mwadzuka bwanji mayi, ngati palibe chinachitika. Komabe mpaka lero Esinati sadya kwa a Felesiya. Nthochi amalandira, ndimasenda ine.

Chobiriwira tinayesa, adokotala aja atalemba m'buku losoka. Milungu itatu mwana anadya. Masaya anabwera, anayamba kuthamangitsa nkhuku pamsika, tsiku lina analirira kalongonda wa anzake. Ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Mlungu wachinayi mimba inafufumanso. A Namaona anali atanena kale kuti zidzatero, koma ine ndinawauzabe kuti alodza mankhwalawo ndi pakamwa pawo. Anavomera. Anati ngati pakamwa pawo pali mphamvu yotero, mawa anena kuti mwana achire, tione.

Chachikasu tinachilondola. A Namaona anathandiza kuti tipeze kalata yopitira kuchipatala chachikulu ku Blantyre, anandilembera pakapepala poti nditsikire ndi poti ndifunse. Kumeneko anamuunika mwana ndi makina, n'kunena kuti palibe chotseka njira, chifu n'chaulesi chabe, zomwe zija anandiuza munthu wa kamtengo pakhonde. Analemba achikasu aja, n'kuti ndikafune kufamase. Ndinalowa famase imodzi, ndinafunsa mtengo, ndinamva yankho, n'kubwerera ku Chiringa ndi pepala langa lili lopinda bwino. A Namaona analiwerenga, analipinda momwe linalili, n'kukankhira chitsekerero chachikasu kumapeto kwa windo kumene ankazisunga.

Ndinawafunsa kamodzi kokha ngati mwanayu adzachira. Anati ana ena chifu chimadzuka chokha pakatha miyezi, ena pakatha zaka, ena iwo sadziwa. Mawu akuti sindikudziwa ankawatchula kawirikawiri, mosachita manyazi, ndipo ankati munthu wosawatchula ndi amene uyenera kumuthawa. Masana ena ndinawapeza atatsegula chibuku chija, chala chili pamzere umodzi, osasuntha. Anati bukulo ndi lakale kuposa mankhwala ena a pawindo aja, limathera pamene matenda a Esinati akuyambira. Magalasi anali atachita nkhungu. Ndinabwerera kwa tomato wanga.

Chaka cha njala chija anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Ana a eni ankalirira chakudya chimene kulibe, wanga ankabweza chimene chilipo. Gaga m'mimba mwake sankakhala ngakhale ola limodzi. Mmawa wina ndinaona njinga ya a Namaona ikupalasidwa ndi munthu wina, ndipo pamalo panga pali kathumba ka ufa woyera. Ndinaununkhiza. Ndinatapa pang'ono, ndinaviika, n'kupatsa nkhuku yanga yotsala, n'kukhala pansi kuiyang'ana. Iwo ankandionera kumapeto kwawo kuja.

"Ikafa mundiuze, mayi, tidye."

Anthu ankanong'ona kuti mkuluyu wataya njinga chifukwa cha ufa wokathera pansi. Theka lake linatheradi pansi. Theka linalo ndi limene linamuwolotsa Esinati mpaka chimanga chatsopano.

Chaka chathachi miyendo yawo inayamba kutupa, mpweya n'kumachepa. Matenda awo ankawadziwa dzina, koma sanandiuze. Mlungu wina wathunthu anakhala chogwada pasimenti ndi msomali m'manja. Belu likalira ankakanda mzere pamene pafika mthunzi wa nsanamira ya pakati ija. Ndinawafunsa ngati ayamba ula.

"Wotchi idzapita ndi achibale," anatero. "Mthunzi sanganyamule. Nyengo yachisanu uzidzanama pang'ono, koma osati ngati anthu."

Ndipo inapitadi. Mphwawo wa ku Limbe uja anaitenga tsiku lomwe tinaika maliro, pamodzi ndi chibuku, ati zokumbukira amalume.

Esinati tsopano ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma mukamuona mungati zisanu ndi ziwiri. Ali sitandade 3. Pali miyezi imene amasanza kamodzi pamlungu, pali miyezi imene amasanza tsiku ndi tsiku, ndipo uno ndi mwezi woterowo. Dzana ndinapita naye kuchipatala. Adokotala aja anasamutsidwa kalekale, kuli ena. Ndinawauza zonse, za khosi zomwe, ndinawasonyeza ndi buku losoka lija. Anamva, analemba, anati agogo musadandaule, mankhwala awa ndi abwino. Kumbuyo kwanga kunali mzere wofika panja. Ndinatuluka ndi kathumba ka timibulu toyera. Dzina lake ndaliyerekeza ndi maina anayi a zilembo zazikulu aja, koma dzanja la madokotala silili ngati la m'Baibulo. Pena ndikuona ngati likufanana ndi loyamba, pena ayi. Esinati anayesa kutchula zilembo zake, anapeza zitatu. Mwina ndi abwinodi. Mwina ndikumumana mwana chinthu chomuthandiza. Sindinamupatse.

Lero miyendo yanditengera yokha kumapeto a kum'mawa, kathumba kali m'manja, ngati kuti kuli wosamba m'manja n'kukalandira. Mpando anachotsa. Pamene unkakhala patsala timaenje tinayi pasimenti. Msomali wa wotchi ulipo, ndipo mozungulira pake khoma ndi loyererako, bwalo lofanana ndi mbale. Chitseko cha kachipinda kawo anakhomapo thabwa. Anyamata a kabaza ayamba kutsamiritsa njinga zawo kukhomako, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndikupita kwinakwake. Pawindo zitsekerero zilipo zonse zinayi, poti palibe anaona chobera pamenepo. Zachita dzimbiri, moti chofiira ndi chakuda sizisiyananso. Ziwiri zikadali chagada.

Ndinaima pamenepo kufikira mthunzi wa nsanamira unakwawa n'kugunda mzere wachitatu. Palibe chinalira, palibe anakuwa. Kathumba ndinakabwezera pamfundo ya chitenje, n'kumanga kawiri. Ndinamuitana Esinati, ndinamukhazika tsonga pamene panali mpando, ndinavundukula kachitini ka phala, n'kutulutsa kasipuni.

Analandira masipuni anayi. Pa sipuni yachisanu anatseka pakamwa, n'kugwira pansi pa nthiti.